Chimkuzamawu: dzina lokoma limene likutisocheretsa mu situdiyo za ku Chigwa cha Shire

Tikamatsutsana ndi anthu onena kuti Chichewa sichingathe kutchula zinthu zamakono, pali mayina angapo amene timathamangira kuwatulutsa ngati umboni, ndipo chimkuzamawu sichisowa pamndandandawo. Ndi dzina lomangidwa bwino, lokoma m'kamwa, moti ngakhale agogo a ku Makhanga amene sanapondepo m'kalasi amalimva nthawi yomweyo. Inenso ndimalikonda. Komabe lero ndikufuna kuliimba mlandu. Dzinali limagwira bwino ntchito pabwalo la msonkhano, koma likalowa mu situdiyo ya wailesi limasocheretsa. Limaunjika pamodzi zipangizo zingapo za ntchito zosiyana n'kuzipatsa ntchito imodzi, yokuza mawu, pamene situdiyo sinamangidwire kukuza mawu. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene wailesi imanyamula machenjezo a madzi osefukira, mawu akasokonekera wolipira mtengo wake ndi womvera.

Mmene dzinali linamangidwira

Tiyambe ndi kulisenda. Pakati pake pali tsinde la mneni -kul-, la kukula, limene likalandira mchitsi limasanduka -kuz-, kukuza, ndiye kuti kuchititsa chinthu kukula. Kutsogolo kwake kuli m- wosonyeza wochita ntchito, kenaka chi- wa gulu la chi-zi amene amatiuza kuti wochitayo ndi chinthu. Kumapeto kuli pamtherankhani, mawu. Kamangidwe kameneka n'kachikhalire m'chinenero chathu. Timakaona mu mtolankhani, mpalamatabwa, chiphadzuwa, ngakhalenso mu mtanthauziramawu, dzina limene lili pachikuto cha buku lotanthauzira mawu a Chinyanja limene a Centre for Language Studies ku Zomba anatulutsa m'chaka cha 2000. Ena amalemba chinkuzamawu, ena mkuzamawu, ena amangoti chokuzira mawu. Pa galamala palibe chodandaula.

Vuto lili pa tanthauzo. Tayesani kufunsa anthu asanu pa msika wa Nchalo kapena wa Bangula kuti chimkuzamawu n'chiyani. Wina akuuzani kuti ndi kachitsulo kamene munthu amagwira pafupi ndi pakamwa. Wina akulozerani chibokosi chakuda chimene chimaima pamtengo kutsogolo kwa tchalitchi. Wina anena za chitoliro chomangirira pamwamba pa galimoto nthawi ya kampeni. Wina akumbukira chija chonyamula m'manja, choyendera mabatire, chimene a komiti yoona za ngozi m'mudzi amakuwira nacho Ruo akayamba kudzaza. Wachisanu angoti ndi katundu yense amene timachita hayala pa ukwati, mawaya omwe. Onsewa sakulakwa. Dzinali linakulira pabwalo, pamene maikolofoni, ampulifaya ndi sipika zimagwirira limodzi ntchito imodzi, yoti wa kumbuyo kwenikweni amve. Pamenepo kutchula chimodzi m'malo mwa zonse sikupweteka munthu.

Kuwonjezera apo, mawu akuti mawu nawonso ndi otambalala. Amaimira zimene munthu wanena, amaimira liwu la pakhosi, komanso amaimira kamvekedwe ka china chilichonse chotuluka mu sipika. Ndiye dzina lathu lija lili ndi mneni wonena ntchito imodzi yokha komanso pamtherankhani wonena zinthu zitatu. Kuti tione pamene likupunthwa, titsate ulendo umene liwu limayenda kuchoka pakamwa pa muulutsi kukafika m'khutu la womvera.

Ulendo wa liwu mu situdiyo

Choyamba ndi maikolofoni. Iyoyo payokha sikuza kanthu. Ntchito yake ndi kutola kunjenjemera kwa mpweya n'kukusandutsa timagetsi tochepa zedi, timene sitingayatse ngakhale kababu ka tochi. Mitundu yodziwika ndi iwiri. Ya dynamic, monga Shure SM58, Shure SM7B kapena Electro-Voice RE20, ndi yolimba, sifuna magetsi apadera, ndipo nthawi zambiri imagwiritsidwa ntchito pafupi ndi pakamwa. Ya condenser imamva msanga ngakhale timawu ting'onoting'ono, koma zambiri za mtundu umenewu zimafuna magetsi a mavoti 48 ochokera ku mikisa, amene amisiri amawatchula kuti phantom power.

Timagetsi tija timayenda mu waya wa mano atatu wotchedwa XLR, amene anapangidwa mwanjira yoti phokoso lolowerera m'njira lizifafanizika likafika kumapeto. Tikafika pa mikisa timakumana ndi kabatani kozungulira kotchedwa gain. Apa pokha ndi pamene tinganene kuti mawu akukuzidwa, komabe amakuzidwa kufika pa mlingo woikika basi, umene timauona pa mita. Mita ikalowa pofiira n'kukhala pomwepo, ndiye kuti tadutsa mlingo, ndipo nsonga za mafunde a liwu zikudulidwa. Pansi pake pali fader, kabatani kokankha m'mwamba ndi pansi, kotsegulira kapena kutsekera liwu lililonse ndi kulilinganiza ndi anzake: muulutsi, mlendo, woimba foni, nyimbo.

Kuchoka pa mikisa liwu limadutsa mu compressor ndi limiter. Izi zimachepetsa mpata wa pakati pa mawu okwera ndi otsika, komanso zimaletsa chilichonse kudumpha malire. Malirewo alipodi. Wailesi za FM zimaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, ndipo liwu limaloledwa kugwedeza funde lonyamula mpaka 75 kHz mbali iliyonse. Ukapyola pamenepo umayamba kulowerera malo a siteshoni yoyandikana nawo ndipo mawu amang'ambika. Pomaliza transmitter imatumiza fundelo ku mlongoti, n'kuliponya mumlengalenga.

Tsono mfundo yaikulu ndi iyi. Kutalika kwa mtunda umene siteshoni imamveka kumadalira mphamvu ya transmitter, kutalika kwa mlongoti, ndi mapiri amene ali m'njira. Kukuwa kwa muulutsi sikuwonjezera ngakhale kilomita imodzi. Munthu wa ku Marka, kumalire ndi Mozambique, sangayambe kugwira siteshoni chifukwa choti wina wapotokola gain mpaka kumapeto. Ngati mu ulendo wonsewu muli chimkuzamawu chenicheni, chili m'manja mwa womvera, pa kabatani ka voliyumu ka wailesi yake kapena foni yake. Ntchito ya situdiyo ndi kumupatsa liwu loyera loti iye akuze yekha mmene akufunira.

Zimene zimatayika tikamangokuza

Mwina mukuti, eti, mawu akang'ambika pang'ono vuto n'chiyani, bola akumveka? Apa ndi pamene ife ophunzira za zinenero tiyenera kulowererapo, chifukwa zimene zimayamba kutayika ndi zomwe zimasiyanitsa tanthauzo.

Chichewa chimasiyanitsa p ndi ph, t ndi th, k ndi kh. Kusiyana kwake ndi kampweya kochepa kamene kamatuluka milomo kapena lilime zikangotseguka. Kampweya kameneko ndi kamene kamalekanitsa pala ndi phala, kukula ndi kukhula, kukuta ndi kukhuta. Chisena nachonso chili nako: tamvani mphangwa, amene ndi mawu ake a nkhani kapena uthenga, ndi takhuta, amene ndi zikomo wake. Mayina a malo a m'chigwachi adzaza nako: Thabwa, Nkhate, Makhuwira, Phokera, Makhanga, Thangadzi, Khulubvi.

Kampweya komweko ndi mdani wa maikolofoni. Munthu akayandikitsa pakamwa kwambiri n'kunena kuti phiri, mphepoyo imamenya kachikopa ka m'kati mwa maikolofoni, ndipo chimatuluka ndi chiphokoso chakuti bu! Compressor ikamva chiphokosocho imaganiza kuti mawu akwera, ndiye imatsitsa zonse kwa kamphindi, n'kumeza chiyambi cha lembo la liwu lotsatira. Ukakhala pafupi kwambiri, ngakhale p wopanda kampweya amaphulika chimodzimodzi, ndiye pala ndi phala zimafika kwa womvera zitavala nkhope imodzi.

Chondisangalatsa, komanso chondidetsa nkhawa, ndi malangizo amene timatengera kwa anzathu olankhula Chingerezi. M'Chingerezi kampweya kameneka kaliko, koma sikasiyanitsa mawu. Ukakachotsa, mawu amangomveka achilendo koma tanthauzo silisintha. N'chifukwa chake malangizo ambiri a kalankhulidwe ka pa maikolofoni olembedwa m'Chingerezi amauza muulutsi kuti afewetse p wake. Kwa iwo kampweyako ndi zinyalala. Kwa ife ndi galamala. Muulutsi wa Chichewa kapena Chisena akatsatira langizo limenelo mwachimbulimbuli, akuchotsa chinthu chimene womvera amadalira. Mankhwala ake ayenera kuchokera ku zipangizo: kasefa kotchedwa pop filter kapena siponji yovundikira maikolofoni, mpata wa pafupifupi masentimita 15 pakati pa pakamwa ndi maikolofoni, kupendeketsa maikolofoni pang'ono kuti mphepo izidutsa m'mbali, ndi kudula mawu a pansi kwambiri, a pansi pa 80 kapena 100 Hz, pa mikisa. Mwa zonsezi palibe ngakhale chimodzi chimene chili kukuza.

Gulu lachiwiri la ovulala ndi malembo opanda liwu amene amamveka mokhula mpweya, monga s, f, ts, ps, pf ndi bv. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa anachotsa pf ndi bv m'mawu ambiri, moti lero timalemba vuto m'malo mwa bvuto, koma m'kamwa mwa Amang'anja ndi Asena ambiri malembowa akadali moyo. Mphamvu yambiri ya s imakhala pamwamba pa 4,000 Hz. FM imanyamula bwino mpaka 15,000 Hz, ndiye pa maikolofoni ya mu situdiyo s amafika wathunthu. Koma foni wamba imangodutsitsa kuyambira 300 mpaka 3,400 Hz. Pamenepo s ndi f amayandikana kwambiri: kusula ndi kufula m'Chichewa, kusamba ndi kufamba m'Chisena. Mapulogalamu a wailesi za m'madera amadalira kwambiri oimba foni, amfumu, alangizi a zaulimi, atolankhani amene ali kumsasa wa anthu othawa madzi. Liwu la pafoni limafika litaonda kale. Ukalikuza umangokuza kuonda kwakeko limodzi ndi phokoso la netiweki.

Chodabwitsa n'chakuti kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene kumasiyanitsa mténgo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kumapirira kwambiri. Liwu la pansi la abambo ambiri limakhala pakati pa 85 ndi 180 Hz, kutanthauza kuti foni imalidula. Komabe khutu la munthu limatha kulibwezeretsa pomva timawu ta pamwamba timene timayenda nalo limodzi. N'chifukwa chake pafoni sitisokoneza kawirikawiri nthawi za aneni zimene zimasiyana pa kakwezedwe ka liwu kokha. Phunziro lake ndi lakuti zipangizo sizivulaza mbali zonse za chinenero mofanana, ndipo wokhala pa mikisa ayenera kudziwa mbali imene ili yosachedwa kusweka.

Chifukwa chake ndasankha Chigwa cha Shire

Zimene ndafotokozazi zingachitike mu situdiyo ya kulikonse. Koma kumunsi kuno pali zinthu zitatu zimene zimakankhira munthu ku chiyeso chokuza.

Choyamba ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala, ku Ngabu, Bangula ndi Nsanje kumatentha kupyola madigiri 40. Situdiyo yabwino imafuna kutsekedwa, koma chipinda chotseka pa kutentha kotere n'chosakhalika popanda fani kapena makina oziziritsa. Fani ikazungulira, phokoso lake limalowa mu maikolofoni. Dzinja likafika, mvula pa malata imachita chimodzimodzi.

Chachiwiri ndi magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la malo opangira magetsi a Kapichira m'boma la Chikwawa lomweli, ndipo dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Pa nthawi ngati zimenezo siteshoni imadalira jenereta, sola ndi mabatire. Jenereta imalira kunja kwa khoma. Magetsi athu amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndiye waya wosalumikizidwa bwino ku nthaka amalowetsa kung'ung'uza kwa 50 Hz kumene ambiri tinakumvapo pansi pa liwu la muulutsi.

Munthu amene anaphunzira kuti chipangizo chili patsogolo pake ndi chokuzira mawu, akakumana ndi phokoso lotere achita chiyani? Akweza gain, kenaka akuwa. Koma gain sisankha. Imakweza muulutsi, fani, jenereta ndi mbuzi ya kuseri kwa mpanda mofanana. Njira yothandiza ndi ina: kusankha maikolofoni ya dynamic yomva kutsogolo kokha, kuika fani kumbuyo kwake kumene simva bwino, kupachika makatani okhuthala kuti makoma asabweze mawu, ndi kukonza mawaya. Zonsezi ndi ntchito yosankha ndi kusefa.

Chachitatu ndi katundu amene wailesi imanyamula kuno. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, a mu Malichi 2019 pa nthawi ya namondwe wa Idai, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anagunda maboma awiriwa kwambiri. Misewu ikaduka, kutsidya kwa Shire, m'madera ngati a mafumu Mlolo ndi Makhuwira, uthenga wa a zanyengo ndi a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi umafika kudzera pa wailesi ndi pa foni. Mawailesi a m'derali monga Gaka FM ku Bangula ndi Nyanthepa ku Nsanje, pamodzi ndi a dziko lonse monga MBC ndi Zodiak, ndi amene anthu amatchera. Sindikuloza chala siteshoni ina iliyonse. Ndikungonena kuti uthenga wotere umakhala wodzaza ndi mayina a malo, mayina a mitsinje, maola ndi manambala. Mawu ena onse m'chiganizo womvera amatha kuwalota kuchokera ku nkhani yonse. Dzina la mudzi silotedwa. Likamveka mwa theka, latayika. Ndipo womverayo nthawi zambiri ali ndi kawailesi kakang'ono ka mabatire otha mphamvu, kapena kafoni ka mabatani, mvula ili mkati mogunda denga.

Zimene anganene otsutsa

Mnzanga wina wa m'kalasi atamva mfundoyi anaseka n'kunena kuti dzina silipotokola batani. Akunena zoona, ndipo sindikufuna kugwa m'mbuna yonena kuti chinenero chimalamulira maganizo a munthu kotheratu. Mawu amang'ambika pa zifukwa zambiri: zipangizo zakalamba, ndalama zakunja zogulira zatsopano zikusowa, fumbi lalowa mu fader, mmisiri ali kutali ku Blantyre. Ngakhale titasintha dzina mawa, mavuto amenewo satha.

Koma dzina ndi phunziro loyamba limene munthu amalandira pa chinthu chimene sanachionepo. Mawailesi a m'madera amadalira kwambiri achinyamata odzipereka, ambiri mwa iwo amaphunzira ntchito ali pantchito pomwepo, kuchokera kwa mnzawo amene anayamba kale, m'Chichewa kapena m'Chisena chosakaniza ndi Chingerezi. Pamaphunziro otere, mawu amene wophunzitsa wasankha ndiwo buku lonse. Taganizirani muulutsi ali yekha usiku, china chake chavuta, ndipo akuimbira foni mmisiri. Akanena kuti, "Achimwene, chimkuzamawu chasiya kugwira ntchito," mmisiriyo ayambira pati? Pa maikolofoni, pa waya, pa mikisa, pa sipika ya mu situdiyo, kapena pa transmitter? Koma akanena kuti, "Maikolofoni yachiwiri ikung'ung'uza ndikakweza fader, koma yoyamba ili bwinobwino," theka la ntchito latha kale, ndipo mayunitsi sanathe.

Ena anganene kuti kubwereka mayina a Chingerezi ndi kugonja. Maganizo amenewa ali ndi mbiri yake. Kuyambira 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko, ndiponso m'zaka zimene Chichewa Board inkagwira ntchito, kuyambira 1972 mpaka 1995, chidwi chachikulu chinali pa Chichewa chimene chimamveka pamphepo ndi cholembedwa m'mabuku, kuti chikhale choyera. Chisena sichinkamveka pa wailesi ya boma mpaka m'zaka za m'ma 1990, ulamuliro wa zipani zambiri utayamba. Mmene ndikuonera ine, kuseri kwa galasi, kumene kumakhala amisiri, kunasiyidwira Chingerezi, ndipo palibe amene anaona chifukwa chopangira mawu a kumeneko. Zinthu zinasintha pamene mawailesi a m'madera anayamba, kuyambira ndi Dzimwe ku Monkey Bay mu 1998, chaka chomwe lamulo lokhazikitsa MACRA linapangidwa. Kuyambira pamenepo wolankhula ndi wopotokola mabatani nthawi zambiri ndi munthu mmodzi, mwana wa m'mudzi momwemo. Chinenero chathu chinalowa m'chipinda cha amisiri chisanakonzekere, ndipo chinalowa chitanyamula dzina la pabwalo.

Zimene chinenero chathu chinachita bwino

Kuti musaganize kuti ndikunyoza Chichewa, taonani mawu ena a wailesi amene anagwa pamalo pake. Kuulutsa mawu kunachokera ku kuuluka, ndipo kumajambula bwino lomwe zimene transmitter imachita. Mlongoti ndi dzina lakale la mtengo wautali woimika, ndipo linasamukira ku nsanja ya chitsulo popanda wokakamiza. Kutchera wailesi kunabwereka nzeru ya mlenje wotchera msampha: umaika chinthu pamalo oyenera n'kudikira kuti chigwire, ndipo n'chifukwa chake timatinso siteshoni ikugwira kapena sikugwira. Kujambula mawu kunachokera ku zithunzi. Mwaona chimene chikufanana pa ambiri mwa mawuwa? Ndi aneni, ndipo aliyense akunena ntchito imodzi yeniyeni. Mphamvu ya chinenero chathu ili mu aneni ndi mu amvekero.

Ndiye pempho langa ndi losavuta. Mayina a zipangizo tibwereke, monga tinabwerekera wailesi yomweyo kuchokera ku wireless, koma ntchito zake tizinene m'mawu athu. Maikolofoni imatola mawu. Mikisa imasakaniza ndi kulinganiza. Pop filter imasefa mphepo. Compressor imafinya. Limiter imaletsa kudumpha malire. Transmitter imaulutsa. Sipika ndi mahedifoni zimatulutsa. Wophunzira amene wamva aneni amenewa wadziwa kale kuti pali ntchito zisanu ndi ziwiri.

Pa zovuta za kamvekedwe ndiye sitifunika kubwereka n'komwe. Mawu akadutsa mlingo timati asasa kapena ang'ambika. Phokoso la magetsi ndi kung'ung'uza. Waya wothothoka amathetheka ngati moto wa mapesi. Netiweki ikavuta mawu amadukaduka. Chipinda cha makoma osavala chimamveketsa munthu ngati ali mu mgolo. Woimba foni akasiya wailesi yake ili yokweza, liwu limazungulira kuchoka mu sipika kubwerera mu foni, n'kuyamba kulira kuti tswiii, ndipo n'chifukwa chake aulutsi satopa kunena kuti "tatsitsani kaye wailesi yanuyo, bambo." Lililonse mwa mawu amenewa limaloza matenda ake ndi mankhwala ake.

Mayina obwerekawo nawonso ali ndi zotiphunzitsa ife okonda galamala. Maikolofoni imayamba ndi ma-, moti ena amaimva ngati dzina lochulukitsa n'kumati maikolofoni awa ngakhale ili imodzi, pamene ena amati maikolofoni iyi. Ambiri amathawa mkanganowo pongoti maiki. Mikisa imaoneka ngati ya gulu la mitengo ndi midzi, koma mwamwayi agwirizanitsi a gulu limenelo amafanana ndi a gulu la nyumba, ndiye mikisa yathu imamveka bwino mbali zonse, ndipo zikachuluka timati mamikisa. Sipika ndiye amasiyanitsidwa ndi mgwirizanitsi yekha: sipika wa Nyumba ya Malamulo ndi munthu, sipika ya wailesi ndi chinthu. Mawu amene ayamba kuvutitsa agwirizanitsi chonchi ndiye kuti akhazikika kale pakhomo.

Nanga chimkuzamawu tichitaye? Ayi ndithu. Chili ndi malo ake, ndipo m'chigwa muno malowo ndi olemekezeka. Chija chonyamula m'manja chimene a komiti amayenda nacho usiku kuuza anthu kuti asamukire kumtunda, chimenecho ndi chimkuzamawu chenicheni, ndipo ntchito yake ndi yomwe dzina likunena. Tichisiyire dzinalo chokha, pamodzi ndi zinzake za pa misonkhano ndi pa maukwati.

Kwa anzanga amene mukufunafuna mutu wa kafukufuku, makamaka inu ochokera ku Chikwawa ndi Nsanje, nayi ntchito yosafuna ndalama zambiri. Lembani mawu awiriawiri osiyana pa lembo limodzi, monga pala ndi phala, kukuta ndi kukhuta, kusamba ndi kufamba, m'Chichewa, m'Chimang'anja ndi m'Chisena. Muwajambule katatu: pa maikolofoni yoikidwa bwino, pa maikolofoni yomweyo gain itadutsa mlingo, ndi kudzera pa foni wamba. Kenaka muwaseweretse pa kawailesi kakang'ono kwa anthu a m'mudzi, muwerenge kuti ndi angati amene akusokonezedwa. Mukatero mukhalenso tsiku limodzi mu situdiyo ya m'dera lanu ndi kope m'manja, mulembe mawu amene aulutsi amagwiritsa ntchito pouzana za zipangizo, makamaka a Chisena. Mndandanda wa mawu a mu situdiyo umene ungathandize wophunzira watsopano ku Bangula uyenera kuchokera m'kamwa mwa anthu amene amakhala pa mikisa tsiku ndi tsiku.